Inshuwalansi ya katundu wopangidwa kuchokera ku chamba: mmene mungaipezere, ndi zoti muwerenge musanasayine

Chiphaso cha ku Cannabis Regulatory Authority (CRA), bungwe la boma loyang'anira za chamba, chimakutetezani kwa apolisi. Kwa mayi amene wadzola mafuta anu n'kudzuka ndi matuza nkhope yonse sichikutetezani, ndipo loya wake sadzafunsa n'komwe ngati muli nacho. Ndayambira pamenepa chifukwa ambiri amene amabwera kudzandifunsa nzeru kuno ku Mangochi, kaya ndi amayi opanga sopo ndi mafuta odzola ogulitsa m'maloji a m'mbali mwa nyanja, kaya ndi abambo amene akusonkherana ndalama zoti ayambe kopaletivi yolima chamba cha mafakitale, amaona ngati boma likawapatsa pepala ndiye kuti zonse zatheka.

Ndinagwirapo ntchito ku Blantyre mu ofesi ya inshuwalansi, mbali yoona makalata a anthu ofuna kulipidwa. Kalata ikafika sitinkayamba ndi kumvera munthu chisoni. Tinkatsegula fayilo, kutulutsa fomu imene mwini bizinesi anadzaza tsiku loyamba, kuiika pambali pa policy yake (chikalata cha mgwirizano wa inshuwalansi), n'kumaona ngati zimene zachitikazo zikugwirizana ndi zimene anatiuza. Zimene ndalemba panozi ndi za pa tebulo limenelo.

Imalipira chiyani

A inshuwalansi amaitchula kuti product liability. Imalipira chipukuta misozi, pamodzi ndi ndalama za maloya, ngati katundu amene mwapanga kapena kugulitsa wavulaza munthu, wamudwalitsa, wamupha kapena wamuonongera zinthu zake, katunduyo atachoka kale m'manja mwanu. Kasitomala akaterereka pakhonde la shopu yanu n'kuthyoka mwendo, imeneyo ndi ya public liability. Wantchito wanu akapsa ndi kositiki popanga sopo, imeneyo ndi ya antchito. Moto ukagwira shedi, ndi inanso. Makampani ambiri amagulitsa public ndi product pa chikalata chimodzi, koma musangokhulupirira mutu wa chikalatacho. Tsegulani tsamba limene pali dzina lanu ndi manambala, muone ngati pa mzere wa katundu palembedwa ndalama. Ndaonapo zikalata zimene mutu wake ukutchula zonse ziwiri, koma pa mzere umenewo palembedwa kuti "not insured".

Ena amati, "Nanga munthu woti sanagule kwa ine, anagula ku loji, andisumira bwanji?" Funso limeneli linayankhidwa kalekale. Mu 1928, m'tauni ya Paisley ku Scotland, May Donoghue anamwa chakumwa cha m'botolo chimene mnzake anamugulira, ndipo ananena kuti m'botolomo munatuluka nkhono yoola. Sanagule yekha, ndiye panalibe mgwirizano uliwonse pakati pa iye ndi wopanga chakumwacho. Komabe mu 1932 a House of Lords, khothi lalikulu kwambiri la ku Britain panthawiyo, anagamula kuti wopanga katundu ali ndi udindo wosamala munthu aliyense amene katunduyo adzamufikire. Makhothi athu amatsatira mfundo imeneyi, ndipo aliyense wophunzira zamalamulo ku Zomba amaudziwa mlandu wa Donoghue v Stevenson. Pamwamba pake pali lamulo lathu loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2003, ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) lolandira madandaulo awo.

Mukamatumiza katundu kunja ndiye zimalimba kwambiri. Ku South Africa, gawo 61 la Consumer Protection Act yawo ya 2008 limapereka mlandu kwa wopanga, woitanitsa, wopikulitsa ndi wogulitsa yemwe, ngakhale pasapezeke kuti wina anachita mosasamala. Mayiko a European Union ali ndi lamulo longa lomweli kuyambira 1985. N'chifukwa chake wogula wa ku Johannesburg asanakutumizireni ngakhale tambala amafuna satifiketi ya inshuwalansi yanu. Akudziwa kuti zikavuta ayamba kugwidwa ndi iyeyo, ndipo akufuna pokaponyera mlanduwo.

Zimene zimalakwika pa katundu wa chamba

Musanapite kwa broker, mkhalapakati wokupezerani inshuwalansi, dziwani nokha zimene iye akuopa, chifukwa mafunso ake onse achokera pamenepo.

Choyamba ndi dzuwa lathu lino. Mafuta ofinyidwa ku njere za chamba sachedwa kuonongeka ndi kutentha komanso kuwala. Botolo loonekera mkati likakhala pa shelefu ya kashopu ka loji ku Cape Maclear mwezi wa October, moyang'anizana ndi windo, limayamba kafungo tsiku lolembedwa pa lebulo lisanafike. Njere zosauma bwino zimagwidwa nkhungu, ndipo amene munalimapo mtedza mukudziwa zimene chuku chimachita pa msika wakunja. Chamba chimayamwanso zitsulo zoipa za m'dothi monga lead ndi cadmium, kotero kuti munda umene kale ankatayapo mabatire ndi zinyalala ungakubweretsereni vuto losaoneka ndi maso. Ndiye pali nkhani ya sipuleya. Kuno kwathu anthu amalima thonje, ndipo sipuleya imodzi imayenda makomo asanu. Mankhwala a thonje otsalira m'menemo akagwera pa maluwa amene akapangire mafuta akumwa, labu ya wogula idzawapeza.

Chachiwiri ndi THC, chija chimazunguza bongo. Lamulo lathu la Cannabis Regulation Act la 2020 limalola chamba cha mafakitale kufika 1 peresenti, pomwe ku America ndi ku European Union muyeso wodziwika ndi 0.3 peresenti. Katundu wololedwa ku Lilongwe atha kukhala woletsedwa kumene akupita. Ndipo THC sakhazikika malo amodzi: amasintha ndi mtundu wa mbewu komanso nthawi yokolola. Mukasunga mbewu yanu pamene chapafupi pali chamba chamakolo chija anthu amabisa m'mapiri, mungu wake ungakusokonezereni mbewu ya chaka chamawa.

Chachitatu ndi cha amene akupanga mafuta akumwa a CBD, chinthu china chopezeka m'chamba chimene sichizunguza bongo. CBD imasokoneza mmene chiwindi chimagayira mankhwala ena, monga ena a khunyu ndi ochepetsa kuundana kwa magazi. Gogo amene akumwa mankhwala a kuchipatala n'kuonjezera madontho anu popanda chenjezo lililonse pa botolo, mlandu wake ndi waukulu kuposa wa zidzolo.

Zosuta za vape, zija zosutira pa kachipangizo ka batire, ndingozitchula mwachidule. Kuyambira mu 2019 kufika February 2020 ku America anthu oposa 2,800 anagonekedwa m'zipatala ndi matenda a m'mapapo, 68 anamwalira, ndipo ofufuza analoza kwambiri vitamin E acetate amene ankasakanizidwa mu zosuta za THC. Kuchokera pamenepo a inshuwalansi ambiri akangomva za vape amatseka fayilo.

Konzani kaye m'nyumba

Ziphaso zikhale zogwirizana ndi ntchito imene mukuchitadi. Kulima, kukonza, kusunga, kugulitsa ndi kutumiza kunja si chiphaso chimodzi. Funsani a CRA kuti ntchito yanu ikufuna ziti, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa. Policy iliyonse imakana kulipira zochokera ku ntchito yosemphana ndi lamulo. Chiphaso chikatha pa 30 June inu n'kukachikonzanso mu August, bachi (katundu wopangidwa ulendo umodzi) imene munapanga mu July ndi imene kampani idzayambe kuifunsa. Kusuta chamba pofuna kusangalala n'koletsedwabe, ndiye wogulitsa mipukutu kuseri kwa depoti asataye nthawi ndi nkhani ino. Ngati katundu wanu ndi wodya kapena wodzola, a Malawi Bureau of Standards akukhudzidwa. Ngati mukumugulitsa ngati mankhwala, ndi a Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Kenako bukhu la mabachi. Apa ndichedwapo pang'ono, chifukwa milandu yambiri imapambanidwa kapena kugonjedwa ndi bukhu limeneli.

Gulani hadikava yaikulu ija ya masamba okhala ndi mizere. Tsamba lililonse likhale la bachi imodzi, kutanthauza katundu amene mwapanga ulendo umodzi ndi zipangizo zofanana. Pamwamba lembani tsiku ndi nambala ya bachi, mwachitsanzo MH-0925-03, kusonyeza kuti ndi yachitatu ya September 2025. Pansi pake lembani kumene mafuta achokera, nambala ya invoice, nambala ya bachi ya amene anakugulitsaniyo, ndi nambala ya satifiketi ya labu imene inabwera ndi mafutawo. Lembani zonse zimene mwathiramo ndi kulemera kwake, ngakhale kafungo kaja munagula ku Limbe. Lembani amene anapanga. Kumapeto, mabotolo atuluka angati ndipo apita kuti: 24 ku loji ya ku Nkopola, 12 ku shopu ya ku Monkey Bay, 10 pa msika wa Loweruka. Nambala ya bachi ija idindidwe pansi pa botolo lililonse, ndi inki yosafufutika ikakhudzana ndi mafuta. Yesani nokha: pakani mafuta pa chala, tikitani nambalayo, muone ngati ikuwerengekabe.

Pa bachi iliyonse patulani mabotolo atatu, osatsegula, muwaike m'katoni pamalo ozizira ndi amdima, ndipo muwasunge mpaka papite chaka tsiku lawo lotha ntchito litadutsa. Tsiku limene munthu adzanene kuti mafuta anu anali ndi poizoni, mabotolo atatuwo ndiwo mboni zanu. Akapimidwa n'kupezeka abwino, funso limasamukira kwa amene anasunga katunduyo kapena amene anathiramo zina. Popanda iwo, ndi mawu anu kulimbana ndi lipoti la dokotala, ndipo woweruza amamvera dokotala.

Tsamba lililonse likadzaza lijambuleni pa foni n'kudzitumizira pa imelo. Chiswe cha kuno sichiona kuti bukhu ili ndi lofunika.

Lebulo nayo ndi mbali ya katundu. Pakhale zimene zili mkati, kagwiritsidwe ntchito, kasungidwe, chenjezo kwa amayi oyembekezera ndi ana, dzina lanu ndi kumene mungapezeke. Zisakhalepo ndi izi: "amachiza shuga", "amathetsa khansa", "amatsitsa BP". Ndipo si pa lebulo pokha. Zimene mphwanu amalemba pa Facebook ndi pa status ya WhatsApp pofuna kukuthandizani malonda, loya wa wodandaula adzazijambula n'kuzibweretsa kukhothi. Munthu akasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha malonjezo amenewo n'kudwalika, policy zambiri zimakana, popeza sizilipira katundu amene walephera kuchita zimene mwini wake analonjeza.

Kwa broker, ndi fomu ija

Ine ndimalangiza kudzera kwa broker osati kwa ejenti. Ejenti amaimira kampani imodzi. Broker amaimira inu, amatha kugogoda makomo angapo, ndipo kawirikawiri malipiro ake amachokera ku kampani imene mwasankha. Onse awiri ayenera kukhala ndi chiphaso cha Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi. Funsani chiphasocho osachita manyazi. Ma broker akuluakulu ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, koma zambiri zimatheka pa imelo. Ulendo umodzi wokaonana maso ndi maso, mutanyamula hadikava ija ndi mabotolo awiri, umathandiza kuposa mafoni khumi.

Adzakupatsani proposal form. Pa fomuyo pali kabokosi kakang'ono kofunsa kuti bizinesi yanu ndi yotani. Kabokosi kameneka ndi kamene kamagwetsa anthu. Wina amaopa kuti akatchula chamba amukana kapena amukwezera mtengo, ndiye amalemba "cosmetics" kapena "agro-processing". Kampani imalandira ndalama mosangalala, n'kupereka chikalata chokongola. Tsiku la mlandu, munthu wokhala pa tebulo ngati lija ndinkakhala ine amaika fomu pambali pa lebulo ya botolo, n'kuona mawu oti hemp pa lebulo koma pa fomu palibe. Basi. Lamulo la inshuwalansi limafuna kuti wogula aulule chilichonse chimene chikanasintha maganizo a kampani, kaya wafunsidwa kaya sanafunsidwe. Akabisa, kampani ili ndi ufulu wofafaniza policy yonse ngati sinakhalepo, n'kumubwezera ndalama zake zokha. Mwalipira zaka zitatu, mwatsala nokha ndi loya wa wodandaula.

Choncho lembani mosabisa, monga chonchi: "Manufacture and sale of soap and body oil containing hemp seed oil from Cannabis sativa", n'kuonjezera nambala ya chiphaso. Kabokosi kakachepa, lembani papepala lina, sayinani, n'kulimata. Tchulani katundu yense mmodzimmodzi, wodzola payekha, wakumwa payekha. Policy ikabwera, onani kuti mawu omwewo akopedwa pa tsamba la dzina lanu. Ngati afupikitsa n'kuchotsa mawu oti cannabis, ibwezeni akonze musanalipire. Mukadzayamba kupanga china chatsopano chaka chili mkati, tinene tiyi kapena maswiti, auzeni polemba musanagulitse paketi yoyamba.

Adzafunsanso ndalama zimene mukuyembekeza kugulitsa pa chaka, chifukwa mtengo wa inshuwalansi imeneyi umawerengedwa kuchokera pamenepo, ndipo policy zambiri zimadzaonkhetsanso chaka chikatha. Adzafunsa mayiko amene katundu akupita, ndi madandaulo amene munalandirapo. Mayi uja anabweza botolo chaka chatha akuti likumuyabwa, inu n'kumubwezera ndalama zake, mutchuleni. Zing'onozing'ono ngati zimenezi ndi zimene zimadzafukulidwa.

Yembekezani kudikira. Makampani athu sasenza okha ngozi zikuluzikulu. Amagawana ndi makampani ena a reinsurance, ena a ku Johannesburg, ku Nairobi kapena ku London. Ngati mgwirizano wawo wa chaka sukulola chamba, amayenera kukapempha mwapadera pa bizinesi yanuyo, ndipo kumeneko amafuna masatifiketi a labu ndi zithunzi za malo opangira. Yambani miyezi iwiri katundu asanatuluke. Broker akakuuzani pa foni kuti "zatheka bwana, yambani kugulitsa", muuzeni atumize cover note, kalata yotsimikiza kuti chitetezo chayamba. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndipo lipirani pa nthawi yake, chifukwa policy zambiri zimanena kuti popanda malipiro palibe chitetezo.

Kuwerenga policy: yambirani kumbuyo

Tsamba loyamba limalonjeza, masamba akumbuyo amalanda. Pitani kaye ku exclusions, mndandanda wa zimene policy silipira, ndi ku timapepala tomatidwa kumapeto totchedwa endorsements. Funani mawu awa: cannabis, hemp, narcotic, controlled substance, tobacco, pharmaceutical, health hazard. Omalizawa, health hazard, ndi oopsa kwambiri, chifukwa amachotsa matenda obwera chifukwa chomwa, kudya kapena kupuma katunduyo. Kwa wopanga mafuta akumwa, policy yokhala ndi mawu amenewo yamuchotsera chinthu chokhacho chimene amafunira inshuwalansi. Mukawapeza, pemphani endorsement yonena mwachindunji kuti sakukhudza katundu amene mwatchula.

Kenako malire a dziko. Pali zinthu ziwiri zosiyana apa: kumene ngozi yachitikira, ndi kumene mlandu waimbidwira. Policy yambiri ya kuno imati Malawi pa zonse ziwiri. Koma ogula athu m'maloji ndi ndani? Mlendo wa ku Germany agula sopo ku Chembe, akamugwiritsa ntchito kwawo patapita sabata ziwiri, akatupa ali kwawo, akasuma kwawo. Inu simunatumize katundu kunja, koma katundu wanu wapita kunja m'chikwama. Muuzeni broker zimenezi momveka, apemphe kuti malire a ngozi akhale dziko lonse lapansi. America ndi Canada pafupifupi nthawi zonse amazichotsa, kapena amazilola pa mtengo woti bizinesi yaing'ono singaukwanitse. Maganizo anga ndi oti musavutike nazo pakadali pano, ingopewani kutumizako.

Funso lotsatira ndi lakuti policy ikugwira pa tsiku liti. Ya occurrence imayang'ana tsiku limene munthu anavulala: ngati policy inali yamoyo tsiku limenelo, imalipira ngakhale chisamani chibwere patapita zaka. Ya claims made imayang'ana tsiku limene dandaulo lafika kwa inu n'kuperekedwa ku kampani: ngati tsiku limenelo policy yatha, palibe kanthu, ngakhale munthuyo anavulala nthawi imene munkalipira. Pa katundu amene makampani amamuopa, ngati wathuyu, amakonda kupereka ya claims made. Si yoipa, koma ili ndi msampha wotchedwa retroactive date, tsiku limene zochitika kumbuyo kwake sizikuwerengedwa. Chaka chilichonse pokonzanso policy, onani kuti tsiku limenelo likadali la chaka chimene munayamba. Likasunthidwa n'kukhala la chaka chino, katundu yense amene munagulitsa zaka zam'mbuyo watsala pamtunda.

Tsopano ndalama. Tiyerekeze kuti policy ikuti K100 miliyoni pa ngozi imodzi, K100 miliyoni pa chaka chonse, excess K2 miliyoni. Nambala yachiwiri ikutanthauza kuti mlandu umodzi waukulu mu March ungamalize zonse, miyezi yotsalayo n'kumayenda opanda kanthu. Excess ndi gawo limene mumalipira nokha kampani isanaikepo yake. Ndiye funsani izi: bachi imodzi ikadwalitsa anthu 30, excess ndilipira kamodzi kapena ka 30? Kamodzi ndi K2 miliyoni. Ka 30 ndi K60 miliyoni, ndipo ngati aliyense akufuna ndalama zosapitirira K2 miliyoni ndiye kuti kampani silipirako kalikonse. Mawu amene amaphatikiza madandaulo a bachi imodzi kukhala ngozi imodzi amatchedwa batch clause kapena series clause. Apa ndi pamene hadikava ija imagwiranso ntchito, chifukwa ndi imene idzasonyeze kuti onse 30 anagula bachi imodzi.

Funsaninso ngati ndalama za maloya zikuchokera m'kati mwa K100 miliyoni ija kapena ndi zapadera. Mlandu ukatenga zaka ku High Court, maloya ndi akatswiri a labu atha kudya gawo lalikulu wodandaula asanalandire kanthu, chotsalacho n'kuchokera m'thumba mwanu. Ndipo amene mukugulitsa kunja, kumbukirani November 2023, pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Chitetezo cholembedwa m'makwacha chinafota pomwepo poyerekeza ndi mlandu wa madola kapena ma rand. Ngati wogula wanu akufuna chitetezo cha madola, funsani broker ngati zingatheke kulemba choncho. Zikakanika, muzionanso nambalayo chaka chilichonse.

Zimene sizilipiridwa, ngakhale policy ikhale yabwino

Mtengo wa katundu woipayo sulipiridwa. Ndalama zomutolera m'mashopu, mafuta a galimoto kuzungulira Makawa, Monkey Bay mpaka Senga Bay, kulengeza pa wailesi, kumuononga, zonsezo ndi za inshuwalansi ina yotchedwa product recall, yogulidwa padera. Katundu akakanidwa pa bodala chifukwa THC wapitirira, palibe amene wavulala, ndiye product liability sikukhudzidwa. Chindapusa cha boma sichilipiridwa. Mbewu ikaonongeka m'munda ndi nkhani ya inshuwalansi ya mbewu. Pali ndi chinthu china chovuta: munthu wamwa mafuta anu a CBD, wapimidwa kuntchito, apeza THC m'thupi, wachotsedwa ntchito. Thupi lake lili bwinobwino, chimene wataya ndi malipiro. Policy zambiri zimalipira kuvulala ndi kuonongeka kwa zinthu basi, osati kutaya ndalama kopanda kuvulala. Ngati mukupanga zakumwa, funsani za zimenezi mwachindunji.

Makontilakiti nawo muziwaonetsa broker musanasayine. Wogula wamkulu amakonda kuika ndime yoti inu mudzasenza mlandu uliwonse wokhudza katunduyo, ngakhale wolakwa atakhala iyeyo. Policy imakana udindo umene mwadzisenzetsa nokha pa kontilakiti kupitirira umene lamulo likanakupatsani. Mbali inayi, amene amakugulitsani mafuta muzimufunsa satifiketi ya inshuwalansi yake, ndipo musasayine pepala lonena kuti simudzamusumira. Kampani yanu ikalipira imafuna kukatenga ndalama zake kwa amene anayambitsa vutolo, ndipo mukaitsekera njira imeneyo ili ndi chifukwa chokanira. A maloji amene mumamata dzina la loji yanu pa botolo lopangidwa ndi wina, dziwani kuti kwa wogula wopanga ndinu.

A kopaletivi, policy ilembedwe m'dzina limene linalembetsedwa kuboma, osati la tcheyamani. Gulu losalembetsa likasumiridwa, amene amagwidwa ndi anthu ake mmodzimmodzi, ndi mbuzi zawo zomwe.

Zitha kuchitika kuti makomo onse akukanani. Zikatero musagule policy yobisa chamba kuti mungokhala ndi pepala loonetsa. Chepetsani katundu: zodzola ndi sopo zimavomerezeka msanga kusiyana ndi zakumwa, ndiye yambani ndi zimenezo, mupange mbiri ya zaka ziwiri yopanda madandaulo, mukagogodenso. Lembetsani bizinesi ngati kampani ya limited kuti nyumba yanu isakhale chikole cha botolo lililonse. Ngati ndinu mlimi wogulitsa kwa fakitale imodzi, ifunseni ngati ingakulembeni pa policy yake.

Dandaulo likafika

Apa mwambo wathu ndi policy zimakokana. Mwana wa mnzako akadwala chifukwa cha chinthu chako, umapita kukapepesa, umanyamula kangachepe, mwina nkhaniyo imakathera kwa amfumu. Policy imaletsa kuvomera mlandu, kulonjeza malipiro kapena kugwirizana chilichonse kampani isanalole. Sindikunena kuti mukhale ouma mtima. Munthuyo apite kuchipatala msanga, kaya pa chipatala chachikulu pa boma kaya chapafupi, ndipo kumuzonda n'kololedwa. Kunena kuti "pepani ndi zimene zakuonekerani, mayi, tiyeni tithamangire kuchipatala" ndi umunthu. Kulemba pa WhatsApp kuti "mafuta athu ndi amene alakwa, tilipira zonse" ndi kuvomera mlandu, ndipo uthenga umenewo sufufutika. Amfumu akakuitanani pitani, mwaulemu wonse, mukawafotokozere kuti nkhaniyi ili m'manja mwa a inshuwalansi ndipo simungatchule ndalama panokha.

Tsiku lomwelo lembani imelo kwa broker: ndani, liti, katundu uti, bachi iti, wamva chiyani. Chitani zimenezi ngakhale munthuyo sanatchule za loya, chifukwa policy ya claims made imafuna kuti muziwadziwitsa ngakhale zinthu zongoonetsa kuti dandaulo lingabwere. Pemphani botolo limene anagwiritsa ntchito, kapena lijambuleni ndi nambala yake ikuoneka. Imitsani bachi yonseyo, muimbire onse amene alembedwa pa tsamba lake. Kupitiriza kugulitsa katundu amene mukumukayikira kumapatsa kampani chifukwa chokanira madandaulo otsatira. Mabotolo atatu aja musawatumize ku labu panokha musanamve kwa kampani, chifukwa iwo angafune labu yawo, ndipo limodzi lizitsala nthawi zonse. Kalata ya loya kapena chisamani chikabwera, musayankhe. Chitumizeni kwa broker tsiku lomwelo, popeza masiku oyankhira kukhothi ndi ochepa ndipo akadutsa chigamulo chimaperekedwa inu kulibe.

Kampani ikakana kulipira, ipempheni ilembe kalata yotchula ndime yeniyeni ya policy imene yatsamirapo. Broker wanu ayambe ndiye kulimbana nayo, ndi ntchito yake. Zikakanika, kadandauleni ku ofesi ya Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, mutanyamula policy, fomu ija munadzaza, malisiti ndi maimelo onse. Khothi likadalipo pambuyo pake.

Chotsala ndi cha amene mukusintha kampani kapena mukutseka bizinesi. Sopo amene munagulitsa mwezi watha akhala m'mabafa a anthu chaka chathunthu inu mutasiya kale. Ngati policy yanu ndi ya claims made, posintha kampani uzani yatsopanoyo itenge retroactive date yakale ija, ndipo pasakhale ngakhale tsiku limodzi pakati pa kutha kwa ina ndi kuyamba kwa inzake. Potseka, pemphani run-off, chitetezo cha katundu amene ali kale kwa anthu, cha zaka zosachepera zitatu. Mtengo wake mufunsiretu tsiku limene mukugula policy yoyamba, kampani ikadali kukunyengererani.